Ndege ya Nsalu Imauluka Bwanji Ili ndi Zaka 80?

Pakati pa 1938 ndi 1947, kampani ya Piper ya ku Lock Haven, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Pennsylvania ku America, inapanga ndege za mtundu wa J-3 Cub pafupifupi 20,000. Ndi kandege kosavuta kukafotokoza. Thupi lake ndi mapaipi achitsulo owotcherera pamodzi, mapiko ake ali pamwamba, ndipo zonsezo anaziveka nsalu n'kupaka penti yachikasu yokhala ndi mzere wakuda m'mbali. Mumakwera anthu awiri, wina kutsogolo, mnzake kumbuyo kwake. Mulibe batire, mulibe sitata, ndipo geji ya mafuta ndi kawaya kozikidwa pa chitsekerero choyandama m'thanki, kotulukira pamwamba pa mphuno ya ndege. Kawayako kakamira, mafuta atha. Anaipanga kuti ikhale yotchipa, yophunzitsira anthu kuuluka. Komatu lero, patapita zaka pafupifupi 80, ndege zimenezi zidakalipo masauzande m'kaundula wa boma la America, ndipo zambiri zimauluka kunja kukacha bwino.

Wongoimva nkhaniyi amayamba waitenga ngati misala ya anthu a ndalama. Ndani angakwere chinthu chimene chinapangidwa agogo ake asanakwatire n'kupita nacho kumitambo? Funsoli ndi lanzeru, ndipo amene amayankha kuti zinthu zakale zinali zolimba akunama. Nsalu imawola, chitsulo chimachita dzimbiri, guluu amamasuka. Ndege zimenezi zili moyo chifukwa anazipanga mwa njira yakuti chilichonse chili m'menemo munthu akhoza kuchivundukula, kuchiona ndi maso ndi kuchipanganso ndi manja, komanso chifukwa pali anthu amene sanalole kuti luso limenelo lithe. Pamene pali lusolo, ndegeyo ndi yodalirika. Pamene wina wachita zachidule, imapha.

Cub yoyamba anaijambula ndi C. G. Taylor mu 1930 ku Bradford, ku Pennsylvania komweko. William Piper, munthu wa bizinesi ya mafuta amene anaikamo ndalama zake, ndiye anadzatenga kampaniyo, ndipo fakitale ya ku Bradford itapsa mu 1937 anasamukira ku Lock Haven. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ikuyandikira, boma la America linayamba mu 1939 ntchito yophunzitsa anthu wamba kuyendetsa ndege, ndipo ambiri anaphunzirira pa Cub. Asilikali nawo anaitenga, n'kuitcha L-4, kuti izizonda kumene mizinga ikugwera. Nkhondo itatha, makampani anaganiza kuti msilikali aliyense wobwerera kwawo adzafuna ndege yakeyake. Mu 1946 mokha America inapanga ndege zing'onozing'ono zoposa 30,000. Aeronca ya ku Middletown, Ohio, inali ndi Champion, imene anthu amangoti Champ. Cessna inatulutsa 120 ndi 140, momwe anthu awiri amakhala moyandikana. Kunalinso Taylorcraft, Luscombe 8 ya thupi la aluminiyamu, ndi Ercoupe, imene anafika poigulitsa m'masitolo akuluakulu a zovala ndi katundu wa m'nyumba. Ogula sanabwere monga ankayembekezera. Mu 1947 chiwerengero chinatsika ndi theka, makampani ena anagwa, ndipo ndege zambiri zinatsala zotchipa m'mabwalo ang'onoang'ono akumidzi. Kuphonya kwa amalonda a nthawi imeneyo n'kumene kunasiyira dziko ndege zochuluka chotere za msinkhu umodzi.

Ku Britain yotchuka kwambiri ndi Tiger Moth ya kampani ya de Havilland, ya mapiko awiri osanjikizana, imene inauluka koyamba mu Okutobala 1931. Zinapangidwa zoposa 8,800, ndipo zoposa 3,000 mwa izo zinatuluka m'fakitale ya magalimoto ya Morris ku Cowley, zina ku Canada, Australia ndi New Zealand. Imeneyi ndiye inafika kufupi ndi kwathu. Pa nthawi ya nkhondo anyamata a gulu la ndege la Britain ankatumizidwa kukaphunzira ku Southern Rhodesia, Zimbabwe wa lero, kumene kunalibe ndege za adani ndipo kumwamba kumakhala koyera miyezi yambiri. Sukulu yoyamba inatsegulidwa mu Meyi 1940 ku Belvedere mu Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ndipo zina zinali ku Mount Hampden, Guinea Fowl ndi Induna. Masauzande a oyendetsa ndege anayambira pa Tiger Moth m'mabwalo amenewo. Ku South Africa kunalinso sukulu zoterozo, ndipo mpaka pano kuli ma Tiger Moth amene eni ake akuwaulutsabe.

Wogula wosadziwa amakopeka ndi penti yonyezimira. Makaniko wodziwa ntchito yake amapita molunjika kumchira. Ndege zambiri za mtundu umenewu zimaima mphuno ili m'mwamba, mchira uli pansi, choncho dontho lililonse la madzi lolowa m'thupi limatsetsereka n'kukadikha kumapeto kwa mapaipi a m'munsi. Kumeneko n'kumene dzimbiri limayambira, ndipo nthawi zambiri limadya kuchokera m'kati. Paipi imaoneka yabwinobwino kunja pamene chitsulo chake chatsala chopyapyala. Makaniko amatenga kachitsulo kosongoka n'kumabaya pang'onopang'ono m'litali mwa paipiyo, ndipo pamene kalowa pafunika kudula ndi kuwotcherera chidutswa chatsopano. Vuto lomwelo linapezeka m'mizati imene imachirikiza mapiko a ma Cub. Chinyontho chinkalowa m'kati mwake n'kumadya kumunsi, mpaka ndege zina zinagwa phiko litathothoka m'mwamba. Bungwe la FAA, loyang'anira zouluka ku America, linalamula kuti mizatiyo iziyesedwa kawirikawiri, apo ayi ichotsedwe n'kuikapo yatsopano yotsekedwa konsekonse kuti madzi asalowe.

Mitanda ya m'mapiko, imene imasenza ndege yonse ikakhala m'mwamba, pa ndege zambiri ndi ya mtengo wa Sitka spruce wa kugombe la kumpoto chakumadzulo kwa America, wopepuka, wolimba, wa mitsempha yowongoka. Thabwa lotere likamakhala pouma limatha zaka zambirimbiri. Adani ake ndi madzi ndi kugunda. Nsonga ya phiko ikakhudza pansi potera, thabwa likhoza kufinyika m'kati n'kusiya kamzere kopingasa mitsempha, kamene sikaoneka popanda tochi ndi kagalasi. Mwini ndege amasoka nsalu imene yang'ambika, amaiwala, amagulitsa, kamzere kaja kali phee kudikira tsiku la mphepo yamphamvu. N'chifukwa chake mu 2000 FAA inalamula kuti mitanda ya matabwa ya ma Champ ndi abale ake ifufuzidwe mwapadera, makamaka phiko likagundapo pansi. Palinso guluu wakale wopangidwa kuchokera ku mkaka, wotchedwa casein, amene amawola ndi chinyontho. Makoswe nawo amakonda kumanga zisa m'mapiko a ndege yongokhala, amatafuna ulusi womangira nsalu, ndipo mkodzo wawo umadya chitsulo ndi aluminiyamu yemwe.

Pa ntchito zonse zokonza ndege yakale, imene imandisangalatsa kwambiri ndi yoiveka nsalu, ndipo ndikhulupirira kuti telala waluso akhoza kuigwira msanga kuposa injiniya wa mu ofesi. Kale ankagwiritsa ntchito nsalu ya thonje kapena linen wa ku Ireland, n'kuikunga poipaka mankhwala otchedwa dope, amene pouma amaikoka mpaka kulimba. Thonje likamakhala padzuwa ndi pamvula linkatha m'zaka zochepa, ndipo dope wa mtundu wa nitrate amayaka moto mofulumira koopsa. Kuyambira cha m'ma 1960 anthu anasamukira ku nsalu ya polyester, yogulitsidwa ndi mayina monga Ceconite ndi Poly-Fiber. Iyi amaimata pa mafupa a ndege ili yokhwepa, kenako amaikunga ndi simbi. Ndi simbi yeniyeni, koma kutentha kwake amayamba akuyesa bwinobwino. Amayambira pa madigiri pafupifupi 120, n'kudzamalizira cha pa 175. Akapyola kwambiri pamenepo ulusi umafooka ndipo nsalu imakhwefuka osadzakungikanso, pamene akaperewera nsalu idzakupiza m'mwamba. Munthu amayendetsa simbi modekha kuchokera pakati kupita m'mbali, makwinya akuzimirira iye akuona.

Ikatero pamabwera kusoka. Ndege ikamauluka, mpweya wa pamwamba pa phiko umakoka nsalu kuti ifufumale, choncho nsaluyo iyenera kumangiriridwa ku nthiti iliyonse ya phiko. Pa ndege ngati Cub ndi Tiger Moth amagwiritsa ntchito singano yaitali yoboola phiko lonse ndi ulusi wopaka phula. Phiko amaliimika cham'mbali, anthu awiri n'kuima uku ndi uku, wina kubaya, mnzake kulandira ndi kubweza, ndipo paliponse pamene singano yadutsa amamanga mfundo yakeyake kuti ulusi ukaduka pamodzi posakhale pena pomasuka. Kufupi ndi thupi la ndege, kumene mphepo ya propela imamenya mwamphamvu, mfundo zimakhala zothithikana. Phiko limodzi limadya mfundo mazanamazana, ndipo zala zimatupa. Pamwamba pa mfundozo amamata timaliboni ta nsalu, kenako amapopera penti yosakaniza ndi ufa wa aluminiyamu. Penti yasiliva imeneyi ndiyo imasunga nsalu, chifukwa polyester saopa madzi koma amaopa dzuwa. Kuyesa kwake n'kophweka: amayatsa nyali kunja n'kusuzumira m'kati mwa phiko, ndipo kuwala kukadutsa ndiye kuti penti yachepa. Nsalu yovekedwa bwino, ndege n'kumagona m'shedi, imatha zaka makumi awiri kapena atatu.

Kulimba kumeneku kuli ndi msampha umene eni ndege ena safuna kuumva. Thonje linkakakamiza munthu kuvula ndege yonse pakapita zaka zingapo, ndipo povulapo ankapeza dzimbiri lisanafike patali. Nsalu ya masiku ano imakhalitsa kuposa nthawi imene mapaipi ndi matabwa ayenera kukhala osaonedwa. Wogulitsa akamanena monyadira kuti nsalu yake yakhala zaka 30 ndipo idakali yolimba, akukuuzaninso kuti patha zaka 30 palibe amene waona mafupa onse a ndegeyo pambalambanda. Ine ndimaona kuti ndege yotere iyenera kuvulidwa, ngakhale nsalu ikhale ikukhoza mayeso.

Ngozi imene imandiwawa kwambiri pa nkhaniyi inachitika ku Australia mu Disembala 2013. Tiger Moth yonyamula mlendo wolipira inali kuchita masewera a m'mwamba kufupi ndi chilumba cha South Stradbroke ku Queensland pamene mapiko a kumanzere anathyoka, ndegeyo n'kugwera m'nyanja. Woyendetsa ndi wokwera onse anamwalira. A bungwe la ATSB, lofufuza ngozi ku Australia, anapeza kuti tizitsulo tiwiri topingasa pansi pa thupi la ndege, timene timagwirizanitsa mapiko a m'munsi, tinaduka pa mazinga ake, pamene panali ming'alu ya kutopa kwa chitsulo. Lamulo linalipo kale lakuti tizitsulo timeneti tizisinthidwa pakatha maola 2,000 ouluka kapena zaka 18, ndipo itito tinali tisanafike pamenepo. Koma sitinali ta de Havilland. Tinapangidwa ku Australia komweko mosiyana ndi pulani yoyambirira, ndipo tinavomerezedwa popanda kufufuza mokwanira kuti tidzapirira nthawi yaitali bwanji. Mbali zakale za ndegeyo zinali zidakagwira ntchito yake. Imene inalephera ndi mbali yatsopano.

Apa m'pamene pamaonekera kufunika kwa mabuku. Ndege iliyonse ili ndi buku la thupi lake ndi buku la injini, momwe amalemba ola lililonse louluka, chigamba chilichonse, chitsulo chilichonse chosinthidwa, kumene chachokera ndi dzina la amene wachimanga. Ndege imene mabuku ake anatayika imatsika mtengo, ndipo m'pake, chifukwa palibe amene angalumbire kuti sinagwepo. Zipangizo zatsopano zovomerezeka zimapezeka. Kampani ya Univair ya ku Aurora, Colorado, imapangabe mbali zambiri za ma Cub, ma Ercoupe ndi ndege zina, ndipo ku Duxford ku England kuli de Havilland Support, imene imasunga mapulani ndi malangizo a ma Moth. Ku America ndege iliyonse yotere imafufuzidwa chaka ndi chaka ndi makaniko wa chilolezo chapadera. Mwini wake amaloledwa tintchito monga kusintha oyilo, kutsuka mapulagi ndi kusintha matayala, koma ntchito yaikulu amaigwira moyang'aniridwa ndi makaniko amene adzasainire. Ku Britain ndege zambiri zakale zili pansi pa Light Aircraft Association, bungwe limene linayamba mu 1946, ndipo kumeneko mwini ndege amakonza yekha, woyendera wa bungwelo n'kumabwera kudzaona ndi kuvomereza. Njira imeneyi ndimaiyamikira, chifukwa imatsitsa mtengo komanso imasandutsa mwini ndege kukhala wophunzira.

Nanga ngati nsalu ndi yatsopano, mizati yatsopano, mitanda yatsopano, mapaipi a kumchira atsopano, chakale chatsala n'chiyani? Pamaso pa lamulo, ndege imadziwika ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya ku fakitale pamodzi ndi mabuku ake. Zilipo ndege zimene zinamangidwanso pafupifupi zonse kuzungulira kachitsulo kameneko. Okonda zakale amakangana kwambiri pa mfundoyi. Ku msonkhano waukulu wa bungwe la okonda ndege la EAA ku Oshkosh, Wisconsin, oweruza amapereka mphoto kwa ndege zofanana kwambiri ndi mmene zinatulukira ku fakitale, mpaka mtundu wa penti ndi nsalu ya pamipando. Khama limenelo ndi labwino, chifukwa popanda anthu otere tikadaiwala mmene ndegezi zinalili. Koma pamene kufanana ndi zakale kukulimbana ndi moyo wa munthu, ine sindikayika. Ndege zambiri za m'ma 1940 zinatuluka ndi lamba wa m'chiuno yekha, ndipo pa ngozi yaing'ono yotera molakwika mutu wa munthu umakamenya chitsulo cha kutsogolo. Malamba a m'mapewa, mabuleki ogwira bwino ndi kawayilesi kolankhulira ndi ndege zina ziyenera kuikidwa, oweruza achotse mapointi ngati akufuna.

Injini ya ma Cub ndi ma Champ ambiri ndi Continental A-65, ya masilinda anayi, yozizira ndi mphepo, ya ma horsepower 65 basi. Moto wa m'mapulagi umachokera ku tizipangizo tiwiri totchedwa magneto, timene timadzipangira magetsi injini ikamazungulira, ndipo silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri kuti kamodzi kakafa injini isazime. Opanga amalangiza kuti imasulidwe yonse ikakwana maola 1,800 kapena zaka 12, ndipo malire a zakawo ali ndi chifukwa: injini yongokhala imachita dzimbiri m'masilinda, moti imene yauluka maola ochepa m'zaka khumi ikhoza kukhala yoipa kuposa imene imauluka sabata iliyonse. Imamwa malita pafupifupi 16 pa ola, ndipo thanki ya Cub imalowa malita 45. Mafuta a ndege opezeka masiku ano, a 100LL, ali ndi mtovu wochuluka kuposa umene injinizi zinazolowera, choncho mapulagi amada msanga ndipo mavalavu amagwira. Kuyambira m'ma 1980 eni ndege ambiri anapeza chilolezo chothira petulo wa galimoto, koma chilolezocho chimaletsa petulo wosakaniza ndi ethanol, amene amakoka madzi ndi kuwononga mphira ya m'mapaipi a mafuta. Petulo wa pa pampu ku Malawi wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ethanol ya ku Dwangwa inayamba, choncho wobweretsa ndege yotere kwathu sangadalire filingi siteshoni. Chinanso chodabwitsa ndi chakuti kabureta ya injini zimenezi imaundana madzi m'kati ngakhale tsiku lofunda, bola kukhale chinyontho. Injini imayamba kutsamwa, ndipo woyendetsa ayenera kukoka kachingwe kolowetsa mpweya wotentha msanga, isanazime.

Kuliza injini yopanda sitata ndi mwambo umene suyenera kuchitidwa mothamanga. Mawilo amawatsekera ndi timatabwa, ndipo ngati munthu ali yekha amamangirira mchira ku chikhomo. Wina amakhala m'ndege, mnzake amaima kutsogolo, ndipo chilichonse amachinena mokweza, mnzake n'kubwereza. Wapansi amafuula kuti "Switch off", wam'kati amatsimikiza, ndipo wapansiyo amazunguza propela kangapo kuti mafuta alowe m'masilinda. Kenako amati "Contact", magneto n'kuyatsidwa. Amaika nsonga za zala pa propela osaikumbatira, amaponda bwino, amaikokera pansi mwamphamvu thupi lake likubwerera m'mbuyo, injini n'kudzuka. Lamulo limene aliyense amaphunzira tsiku loyamba ndi lakuti propela iliyonse aitenge ngati yamoyo, chifukwa magneto amazimitsidwa ndi kawaya kamodzi, ndipo kawayako kakaduka injini ikhoza kulira switchi ili yozimitsa. Anthu aduka manja pa ntchito imeneyi, ndipo zachitikapo kangapo kuti ndege yosamangirira yathawa mwini wake n'kunyamuka yopanda munthu.

Pansi m'pamene ndege zimenezi zimavuta kwambiri. Mawilo akuluakulu ali kutsogolo, kawilo kakang'ono kali kumchira, ndipo kulemera kwa ndege kwatsamira kumbuyo kwa mawilo akuluwo. Amene anapalasapo njinga yonyamula matumba a chimanga pakaliyala akudziwa mmene katundu wa kumbuyo amafunira kupitirira woyendetsa njinga ikangokhota mwadzidzidzi pamtsetse. Ndege ikapatuka pang'ono potera, mchira umafuna kubwera kutsogolo, ndipo woyendetsa akachedwa kuponda chowongolera cha kumchira, ndege imazungulira pamalo amodzi, phiko n'kukhula pansi. Ngozi zambiri za ndege zakale ndi zimenezi. Kawirikawiri sizipha munthu, koma zimathyola mapiko ndipo ndi zimene zimasiya kamzere kobisika m'thabwa. Kuyambira 1991 FAA imafuna kuti woyendetsa aphunzitsidwe mwapadera ndi kusainiridwa asanayendetse ndege ya kawilo kumchira. Pa J-3 woyendetsa akakhala yekha amakhala kumpando wa kumbuyo kuti ndege isalemere kumphuno, ndipo poyenda pansi saona kutsogolo, choncho amayenda mokhotakhota akusuzumira m'mbali. Ma Tiger Moth a ku Britain analibe ngakhale mabuleki, kumchira kunali kachitsulo kokhwekhwereza pa udzu.

M'mwamba ndi nkhani ina. Cub imayenda makilomita pafupifupi 120 pa ola, moti kukakhala mphepo yakutsogolo magalimoto a pamsewu amaipitirira. Chitseko chake chimatseguka ndege ikuuluka, ndipo munthu amaona minda, ng'ombe ndi mitsinje, n'kumanunkhiza utsi wa kumene akutentha tchire. Imaphunzitsa mapazi, chifukwa ukaipendeketsa ndi ndodo yokha mphuno imapita mbali ina, ndipo woyendetsa amamva kulakwitsa kwakeko m'thupi asanayang'ane geji. Alangizi ambiri amanena kuti wophunzira amene wayambira pa ndege yotere amadzayendetsa bwino ndege ina iliyonse, ndipo ndikugwirizana nawo. Imatera pa liwiro la makilomita pafupifupi 60 pa ola, choncho injini ikazima munda wosalala ukhoza kukwanira. Koma kufatsa kumeneku kumanyenga. Amene amafera mu ndege zotere nthawi zambiri amakhala akuuluka motsika kwambiri pamwamba pa nyumba ya mnzawo, akukhota mwamphamvu liwiro litachepa, mpaka phiko kusiya kunyamula pamene palibe mtunda wokonzera.

Kulemera nakonso sikuseweretsedwa. J-3 siyenera kupitirira makilogalamu 553 yonse pamodzi, ndipo ndege yokhayo imatenga pafupifupi 340, kawirikawiri kuposa pamenepo ikapakidwa penti yambiri. Zotsala ndi za anthu awiri ndi mafuta, ndipo amuna awiri onenepa amadzaza malirewo asanakweze chikwama. Injini yotere imataya mphamvu pafupifupi zitatu pa zana zilizonse ikakwera mamita 300, ndipo kutentha kumapangitsa mpweya kupepuka ngati wa pamwamba zedi. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita pafupifupi 1,230 kuchokera pa nyanja yamchere. Masana a mu Okutobala kutentha kukafika madigiri 32, injini ndi mapiko zimamva ngati zili pa mamita 2,100, ndipo pa ma horsepower 65 aja pamatsala oposa 50 pang'ono. Ndege imathamanga mtunda wautali isananyamuke ndipo imakwera mozengereza. Kwathu kuno ndege yotere ndi ya m'mamawa.

Za ndalama ndinene mosapsatira. Ku America Cub kapena Champ youluka imagulidwa pa mtengo wofanana ndi wa galimoto yatsopano, pamene ma Cub amakono a makampani monga CubCrafters ndi American Legend amadula kangapo kuposa pamenepo. Mitengo ya zakalezi inalimba mu 2004, America itakhazikitsa laisensi yosavuta ya ndege zosapitirira makilogalamu 600, imene inkalola munthu kuuluka ndi laisensi ya galimoto m'malo mwa chiphaso cha dokotala. Koma kugula ndi chiyambi chabe. Pali lendi ya shedi mwezi ndi mwezi, chifukwa ndege ya nsalu yogona panja imatha msanga. Pali inshulansi, imene imakwera kwa munthu wa maola ochepa pa ndege ya kawilo kumchira. Pali kufufuza kwa chaka ndi chaka, ndi ndalama zosungira tsiku lomasula injini kapena kuveka nsalu, ntchito ya maola mazanamazana. Kukonza ndege yonse molipira anthu pafupifupi nthawi zonse kumadya ndalama zoposa zimene ndegeyo ingagulitsidwe. Amene amagula ndege yomasulidwa, ili m'mabokosi, poganiza kuti wapeza zotchipa, kawirikawiri amadzaigulitsa patapita zaka idakali m'mabokosi momwemo, tizitsulo tina titasowa. Wofuna kuuluka agule ndege yabwino koposa imene thumba lake lingakwanitse, ndipo asanalipire aitane makaniko wake, osati wa wogulitsa, amene amaidziwa ndege ya mtundu umenewo. Wofuna kukonza akonze chifukwa amakonda ntchitoyo. Ku Britain ambiri amasonkherana, anthu anayi kapena asanu, n'kugula ndege imodzi, ndipo zimenezi zimathandiza thumba ndi injini yomwe, poti imauluka kawirikawiri.

Ena amati ndege zimenezi ndi chuma cha mbiri, ziikidwe m'nyumba zosungira zakale zisanathe ndi ngozi. Kwa ndege imene yatsala imodzi pa dziko lonse, mfundoyo ndi yomveka, ngakhale ku Shuttleworth Collection, ku Old Warden ku England, amaulutsabe Blériot ya 1909, mongodumpha pang'ono pamwamba pa udzu madzulo mphepo ikadekha. Koma Cub, Champ ndi Tiger Moth sizisowa. Amene akusowa ndi anthu: makaniko wodziwa kuwotcherera paipi yopyapyala, wodziwa kuona thabwa lofinyika, mlangizi wodziwa kuphunzitsa mapazi potera mphepo ikuwomba cham'mbali. Ambiri mwa iwo ndi achikulire, ndipo sukulu za masiku ano zimaphunzitsa kwambiri za ndege za aluminiyamu ndi makompyuta. Ndege yopachikidwa kudenga siphunzitsa munthu kusoka nthiti kapena kuzunguza propela. Choncho ine ndili kumbali ya amene amaziulutsa, pokhapokha azisunga mabuku moona, azivula nsalu nthawi ikakwana, ndipo aziitana achinyamata kudzagwira singano mbali inayo ya phiko.

Abale amene muli ku Britain, Old Warden ili ku Bedfordshire, ndipo ndege zake zimauluka pa masiku a zionetsero m'nyengo yotentha ya kumeneko. Mukapita, fikani m'mawa zisanayambe kuuluka, mutenge ana, ndipo mukayambire ku shedi yokonzera, kumene mungapeze ndege itavulidwa nsalu.